Ndinatembenuza Mbendera, Kunabwera Keke

Kufupi ndi Tarm,
Jutland, Denmark.
Kumayambiriro kwa Epulo.

Okondedwa Bambo,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kutsika m'dzenje lija timaimamo pokama ng'ombe, kapena mukungolikakamiza monga mwa nthawi zonse? Amayi anandiuza kuti mankhwala amene adokotala anakupatsani mukuwasunga pa shelefu ya m'khola, pakati pa mankhwala a matole. Ngati mukumwa olondola, ndithokoza Mulungu. Nanga Amayi, chifuwa chija chinawasiya?

Kuno tili bwino. Mpongozi wanu Marrit ali ndi mphamvu. Mdzukulu wanu Jildou wayamba kuyankhula Chidanishi kuposa ife, moti tikalakwitsa amatikonza pamaso pa anthu m'sitolo. Mdzukulu wanu winayo, Tjerk, mano awiri akutsogolo aguluka, ndipo akuti chithunzi sitikutumizirani chifukwa mumuseka. Mvula ndiyo yatikwana. Minda idakali chinyontho chokhachokha, thirakitala ikalowa imasiya mizere yoti bakha n'kusambamo. Ng'ombe zayamba kuima kukhomo la khola n'kumanunkhiza msipu, koma sindingazitulutse pansi pali chonchi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu, Bambo, ndipo poti ndinatengera inu, nanenso ndimakudulani. Timatha ola lathunthu tikufuula, wina osamva mnzake. Pepala simungalidule mawu. Mukhoza kuliponya m'mbaula, koma ndikudziwa kuti muyamba mwaliwerenga.

Amayi andiuza zonse. Akuti inu ndi mng'ono wanga Hidde simukuyankhulana chiyambire Khrisimasi. Mumakama limodzi m'mawa ndi madzulo, wina uku wina uko, makina okha ndi amene amamveka. Patebulo Amayi asanduka mtumiki: inu mumati auze mwana wawo akupatseni batala, iye amati auze amuna awo kuti batala ali pafupi ndi iwo. Andiuzanso chimene mwina simunamve bwino. Hidde wapatsidwa ntchito kutauni yokonza makina okamira, ndipo akuyenera kuyankha mwezi uno usanathe. Akavomera, iye, mlamu wanga Femke ndi ana achoka pa famu. Nkhani ya kalata ino ndi imeneyi, ndipo ikundisowetsa mtendere.

Koma ndisanafike pa pempho langa, tamverani zimene malangizo anu anandichitira.

Nkhani ya mpweya wa ng'ombe yatipeza kunonso. Ine ndinkati powoloka malire awiri ndaithawa. Kwanuko ku Holland boma likulimbana ndi mpweya umene umatuluka ndowe ikasakanikirana ndi mkodzo m'khola, umene akuti ukuwononga dambo lotetezedwa lija kuseri kwa famu yathu. Kuno akulimbana ndi wotuluka kukamwa, ng'ombe ikamageya pobzikula. Kwanu aigwira kumbuyo, kuno aigwira kutsogolo, ng'ombe yasowa kotembenukira. Atiuza kuti tizithira ufa wina m'chakudya chake, kapena tisinthe kadyetsedwe, ndipo akuti msonkho nawonso uli m'njira. Anzanga ena akudandaula kuti ng'ombe zawo sizikudya bwino chiyambire ufawu, ena akuti sanaone kusintha kulikonse. Zanga zinanyinyirika poyamba, tsopano zikudya, koma ndimaziyang'ana ndi diso limodzi.

Kopaletivi yathu ya mkaka inaitanitsa msonkhano mu holo ya m'mudzi. Anthu a kuno asanayambe kukangana amayamba aimba. Anatigawira mabuku a nyimbo, amuna akuluakulu onunkha khola n'kuimirira kuimba za dzuwa ndi minda. Titakhala pansi, munthu wa kopaletivi anaonetsa zithunzi pakhoma. Anati ogula mkaka masiku ano akufunsa kuti lita iliyonse yabwera ndi mpweya wochuluka bwanji. Anati iwo anakhala pansi ndi boma kupempha kuti lamulo libwere pang'onopang'ono, ndipo zina anapambana, zina anagonja. Anatinso amene achepetse mpweya mkaka wake uzigulidwa bwinoko, ndipo mlangizi azibwera pa famu iliyonse kudzaona pamene tingayambire.

Alimi anakwiya, koma muyenera kuwadziwa kuti muzindikire. Mmodzi anakanda chibwano. Wina anati zimenezi sizosangalatsa kwenikweni, anthu n'kutembenuka kumuyang'ana ngati watukwana. Ine magazi anandiwira. Ndinaimirira ndi Chidanishi changa chothyokathyoka n'kunena kuti kwathu tikanatulutsa kale mathirakitala n'kutseka msewu waukulu mpaka ku likulu. Wapampando anandithokoza mwaulemu, anati ganizolo ndi lochititsa chidwi, kenako analengeza kuti khofi wapsa. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinakhala pansi n'kumwa khofiyo.

Mukukumbukira kuti ndinakuimbirani tsiku lotsatira. Munandifunsa ngati ndinabadwira m'nyumba mwanu kapena munandichita kutola. Munati ndiwaonetse mmene mlimi amakwiyira, ndipo ngati akukana mathirakitala nditembenuze mbendera, poti imeneyo sifuna mnzako. Ndinakumverani, Bambo. Muzilembe penapake kuti tsiku lina Sybren anamvera.

Nyumba yathu tinaigula ili ndi mlongoti woyera pabwalo, ndipo mwini wakale anatisiyira mbendera ya dziko lino m'kabati. Loweruka m'mawa nditatha kukama ndinaitulutsa, ndinaitembenuza bwinobwino mutu pansi, ndinaimangirira pachingwe n'kuikweza mpaka pamwamba. Kenako ndinabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, mtima uli phaa. Marrit anali pakhomo atapinda manja. Anandifunsa kuti ndikuchita chiyani, ine ndinati ndikuonetsa boma mkwiyo wanga. Iye anati, "Bambo a Jildou, tayang'ananinso bwino kumwambako."

Ndinayang'ana. Yathu ukaitembenuza, buluu amakwera pamwamba, wofiira n'kutsika, ndipo aliyense wodutsa amadziwa kuti pakhomo apa pali mlimi wopsa mtima. Ya kuno ndi yofiira yokhala ndi mtanda woyera. Uiike mutu pansi, uiike mutu m'mwamba, ili chimodzimodzi. Inali kungopepeluka mokongola ngati palibe chachitika.

Ndisanaganize zoitsitsa, lole yotenga mkaka inatulukira. Dalaivala analiza hutala katatu, akumwetulira, chala chachikulu m'mwamba. Apo m'pamene ndinakumbukira chimene ndakhala ndikuchidziwa zaka zonsezi. Kuno mbendera ikakwera pakhomo pa munthu ndiye kuti pali chisangalalo, kawirikawiri tsiku lobadwa la wina m'nyumbamo. Mkwiyo unandiiwalitsa.

Sipanapite nthawi, aneba athu a Ejnar ndi akazi awo a Bodil anatulukira pamsewu, atavala zoyera bwino. A Ejnar ndi msinkhu wanu, akhala akukama ng'ombe moyo wawo wonse pa famu yoyandikana nafe. A Bodil anali atanyamula keke imene anaphikira alendo awo a Lamulungu.

"Mafuno abwino, aneba!" anafuula a Ejnar adakali pageti. "Wabadwa ndani? Mumabisa chonchi bwanji anthu a ku Holland inu?"

A Bodil anayang'ana pamimba pa Marrit n'kuyamba kumwetulira. Marrit anati, "Ayi mayi, musandiyang'ane choncho, awiriwa andikwana. Afunseni eni mbenderawo."

Ndinafotokoza, maso ali pansi. A Ejnar anavula chipewa, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Ndiye kuti panopa mwakwiya?"

"Kwambiri," ndinatero.

"Ndipo iyi ndiye mwaitembenuza kale?"

"Eya."

"Aaa, pepani achimwene, mwakwiyadi zoopsa. Boma likaona zimenezi lero siligona."

Anaseka mpaka anakhala pa ndowa ya matole, misozi ili mbwembwembwe. Jildou anathamangira m'nyumba chifukwa cha manyazi. A Bodil anati keke yadutsa kale msewu ndipo sibwerera, wokwiya amadyanso. Choncho chionetsero changa chinathera patebulo, ndi khofi ndi mafoloko ang'onoang'ono. Mukhoza kuseka, Bambo. Ine ndinachedwa pang'ono, koma ndinasekanso.

Tili patebulopo a Ejnar anafunsa kuti kwathu zinafika pati kuti anthu azitembenuza mbendera. Ndinawauza za dambo, za akuluakulu a boma amene amabwera ndi mapu, ndi za mabanja amene agulitsa kale mafamu awo. Ndinawauza kuti Hidde akufuna kuchepetsa ng'ombe ndi kuziweta kumsipu nthawi yaitali, poti kubusa ndowe imagwa pake, mkodzo pake, ndipo mpweya uja suchuluka. Ndinati kopaletivi ya kwanu yamuuza kuti mkaka wotere iugula bwinoko, ndipo akatero famu ikhoza kukhalabe pamene ili. Ndinawauzanso yankho lanu, loti palibe ng'ombe ituluke m'khola limenelo inu muli moyo.

A Ejnar anasiya kuseka. Anandiuza kuti tiwaperekeze, ali ndi choti andionetse.

Ndinkadziwa kuti anagulitsa ng'ombe zawo chaka chatha, koma m'khola mwawo ndinali ndisanalowemo chichokere ng'ombezo. Minda yawo yambiri ndi yotsika, ya nthaka yakuda, ndipo anavomera kuti ibwezeretsedwe madzi ikhale dambo monga kale. Mwana wawo ndi mmodzi, ndi namwino kutauni, ndipo anawauza kalekale kuti za ng'ombe si zake. Khola ndi losesedwa bwino, zomwera madzi zili gwa. Chimene chinandigwira mtima ndi kuzizira. Ine sindinkadziwa kuti khola ng'ombe ndi zimene zimalifunditsa. Tinaima pakati titavala majekete, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, mawu athu akubwerera kuchokera kukhoma.

A Ejnar anati mpaka lero amadzuka nthawi yokama, amavala nsapato za m'khola, akafika pakhomo n'kukumbukira. Anati ufa wa boma sakuukonda, msonkho sakuukonda, ndipo munthu wa zithunzi uja samukhulupirira mawu onse. Koma anati zimenezo ndi nkhondo za anthu amene ali ndi womusiyira. Mawu awo ndiwalemba monga anawanenera: "Ine ndili ndi khola, ndilibe mwana wolifuna. Bambo anu ali ndi mwana woti akudzuka m'mamawa kukakama, ndiye akumenyana naye za chiwerengero? Kawauzeni tisinthane."

Ndinachita manyazi m'malo mwanu, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa m'maso mwanga ndinaona khola lathu lili chomwecho, inu mutaima pakati.

Tsono ndisakunamizeni, Bambo, pali pamene mukulondola. Zaka zapitazo alangizi anati tiphwanye pansi pa khola tiike simenti yamakono yolekanitsa ndowe ndi mkodzo, nkhani ithe. Munakana, Hidde anakukakamizani, munavomera. Munakama m'fumbi chilimwe chonse. Kenako anabwera ena n'kunena kuti pansi poteropo sipagwira ntchito monga ankayembekezera. Munamvera kamodzi n'kupsa, ndiye mukaona wina akubwera ndi nzeru zatsopano mumagwira foloko ya udzu. Sindikukudzudzulani. Sindingakulonjezeninso kuti Hidde akachepetsa ng'ombe boma silidzabweranso ndi zina. Palibe angakulonjezeni zimenezo, ngakhale a kopaletivi.

Koma ndikudziwanso kuti si chiwerengero chimene chikukupwetekani. Ndimakudziwani. Chikukupwetekani ndi lole ya wogula ng'ombe itaima pabwalo, inu mukudziwa kumene ikupita. Ng'ombe za banja la Aukje, zochokera kwa ng'ombe imodzi ya dzina limenelo, zinayamba ndi agogo, ndipo inu mumatha kutchula mayi wa iliyonse mpaka kubwerera kwa Aukje woyamba, pamene masiku obadwa a ana anu mumachita kufunsa Amayi. Munthu wotere sangauzidwe kuti asankhe zoti zikaphedwe n'kuyankha mwaulemu.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Lolani Hidde achepetse ng'ombe, koma pasapite ndi imodzi yomwe kokaphedwa isanakwane nthawi yake. Zazikulu zimalize zaka zawo m'khola momwemo. Misoti ya ng'ombe ya chaka chino ndi chamawa, imene ikanalowa m'malo mwa zokalamba, muitumize kuno kwa ine. Gulu lizichepa lokha pang'onopang'ono, ndipo a Aukje azipitirira kubereka, kungoti mbali ino ya malire.

Ndafunsa kale kwa dokotala wa ziweto. Nkhope yake sinasangalale, chifukwa anthu a kuno amaopa matenda a ng'ombe zochokera kunja kuposa mmene amaopera msonkho. Akuti ziyenera kuyezedwa magazi kwanuko, ndipo zikafika zikhale pazokha kwa kanthawi, kutali ndi zanga. A Ejnar anati khola lawo lilipo, ndipo aziyang'anira okha. A Bodil anandinong'oneza kuti ndisachedwe, chifukwa bamboyo akungowazungulira m'khitchini ngati mphaka wanjala, afika potopa nawo. Ine ndigulitsa misoti yanga kwa mnzanga wa kumpoto kuno amene wakhala akuifuna, kuti chiwerengero changa chisakwere. Marrit wavomera. Anangoti ng'ombe za apongozi ake zikakhala zamakani ngati mwini wake, ndizikazikama ndekha.

Musankhe nokha misoti yoti ibwere. Hidde asasankhe, ine ndisasankhe. Ndipo mukwere nayo lole yomweyo mudzaone kumene izikagona. Chiyambire pamene ndinasamukira kuno simunabwereko, nthawi zonse mumati ng'ombe zitsala ndi yani. Ulendo uno ng'ombezo mudzakhala nazo.

Hidde sanandipemphe kuti ndilembe, ndipo sakudziwa za ganizoli. Femke anauza Amayi kuti Hidde ntchito ya kutauniyo sakuifuna n'komwe. Akuti amabwera kuchokera kokama n'kungokhala pampando osavula nsapato, ana akamamuyankhula osawamva. Iye akudikira mawu amodzi ochokera kwa inu, inu mukudikira kuti agonje, ndipo masiku akutha. Akavomera ntchitoyo sadzabwerera, mukumudziwa, ndi mwana wanu. Madzi akatayika saoleka. Ndi bondo limenelo simungakame nokha mpaka nyengo yachisanu, ndipo pamenepo lole imene mukuiopayo idzabwera kudzatenga zonse tsiku limodzi.

Ine ndinachoka chifukwa famu sikanatha kudyetsa mabanja awiri, ndipo simunandithamangitse. Munandiperekeza mpaka kumsewu, munandipatsa mpeni wanu wosemera ziboda, ndipo ndinamva tanthauzo lake. Ndimakusowani, Bambo. Ndimasowa ngakhale kukalipa kwanu. Hidde akachoka sizidzakhala ngati zanga, chifukwa iye malo alipo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti tchizi anatumiza chija chinafika ndipo ana anachimaliza tisanachibise. Moni kwa azakhali a Tryntsje, ndamva kuti diso lawo analichita opaleshoni, apepe ndipo asathamangire kuluka. Moni kwa amalume a Gosse, kwa mlamu wanga Femke, ndi kwa ana a mng'ono wanga onse atatu. Marrit, Jildou ndi Tjerk akuti moni wambiri kwa agogo awo.

Watsala moni wa Hidde. Umenewu sindiupereka kwa Amayi, sindiupereka kwa Femke, ndipo sindimuimbira foni. Ndauika m'manja mwanu. Mawa m'mawa mukatsika m'dzenje lokamira, mumuuze ndi pakamwa panu kuti mkulu wake akumupatsa moni. Ndinu amene munatiphunzitsa kuti katundu wa mwini sagona m'nyumba mwako, ndipo sindinamvepo kuti munatumidwa kanthu n'kulephera kukafikitsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Sybren